Mutu 9: Chikwama cha Ulendo wa ku Nkhudzi

Pa 15 Okutobala chaka chilichonse, Tsiku la Anakubala, msewu wochoka pa boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay umadzaza ndi maminibasi, makosita ndi malole onyamula amayi a kumpingo, magulu a banki m'khonde ndi mabanja athunthu, onse ulendo wa kunyanja. Tsikuli limagwa pakati penipeni pa nyengo yotentha kwambiri m'dziko muno. Mukaima pagombe dzuwa litakwera, wochokera kumtunda simuchita kumufunsa: wavala jinzi yothina, nsapato zotseka ndi wigi yofika m'mapewa, wakhalira chikwama chachikulu pansi pa mtengo, akudzikupiza ndi kachikatoni. M'chikwamamo muli zovala za sabata yathunthu, koma mulibe chipewa, mulibe botolo la madzi, mulibe neti.

Kutentha kwa kunyanja kuli ndi chifukwa chake. Mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamene pamalekezera madzi a nyanja zamchere, pomwe Dedza ali pa mamita oposa 1,500. Nyanja ya Malawi ili pansi m'chigwa, pa mamita 474 okha. Pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu watsika, mpweya umatentherako ndi madigiri pafupifupi 6. N'chifukwa chake wochokera ku Lilongwe amadutsa pa Dedza atavala juzi, koma akangotsika mapiri a Khwekhwerere n'kufika pa Golomoti, juziyo amaivula mwamsanga. Wochokera ku Blantyre amazimva akangopitirira Zomba n'kuyamba kutsetserekera ku Liwonde. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, masana ku Mangochi kumapyola madigiri 33 kawirikawiri, ndipo usiku sikutsika pansi pa 20. Choipa kwambiri si nambalayo ayi, koma chitungu cha mvula ikamayandikira: mpweya umakhala ndi chinyezi, thukuta siliuma, ndipo thukuta losauma siliziziritsa thupi.

Nkhudzi ali cha kumpoto kwa boma la Mangochi, kufupi ndi Monkey Bay kusiyana ndi ku boma. Mumadutsa Maldeco, Nkopola ndi Makokola, pakati pa malambe ndi migwalangwa, kenaka mumapatuka pa msewu wa M10 kulowera kumadzi. Kuli mudzi wa asodzi, nyumba zopumuliramo alendo, ndi phiri la miyala lomwe ndi gawo la Lake Malawi National Park. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala ya m'madzi. Kuno si kutauni. Chimene mwaiwala kunyumba mwina mudzachitsatira ku Monkey Bay kapena ku boma, ndipo ulendo umenewo ukudyerani theka la tsiku.

Pa zovala, nsalu ndiyo nkhani, osati kuchuluka kwake. Thonje limamwa thukuta n'kulola mphepo kudutsa. Nayiloni ndi poliyesitala wothina, amene wadzaza m'mabelo a kaunjika, amatsekera kutentha pakhungu, ndipo pakatha masiku awiri ana amayamba totupa toyabwa m'khosi ndi kumsana. Musanagule malaya pa kaunjika, onani kansalu kolembedwa ka m'kati kaja. Chovala chotaya, chowala mtundu, chimapambana chothina chakuda. Ndipo musadabwe kumva kuti malaya a manja aatali opepuka amathandiza kuposa vesiti: masana amatchinga dzuwa, madzulo amatchinga udzudzu. Taonani mmene amavalira abambo achikulire a ku Mangochi popita kumzikiti Lachisanu, mkanjo wautali woyera wosagwira thupi. Anthu a m'madera otentha, kuchokera ku Zanzibar mpaka ku Arabia, anazindikira kalekale kuti kudziphimba bwino kumaziziritsa kuposa kuvula.

Pa ulendo wa masiku anayi kapena asanu, zovala zitatu zosinthira n'zokwana. Kunyanja chovala chochapidwa mmawa chimauma nsima ya masana isanapse. Tengani sopo wa mtanda ndi kachingwe koyanikira, m'malo motenga sutikesi yachiwiri. Zovala zam'kati zokha ndizo zichuluke, ndipo zikhale za thonje. Zochapa muziyanika pachingwe, osati pamchenga kapena paudzu, chifukwa pali ntchentche ina imene imaikira mazira pansi pachinyezi ndi pa zovala zonyowa, mphutsi zake n'kulowa pakhungu. Kusita kumazipha, koma simbi si chinthu choti muchidalire kumene magetsi amabwera ndi kupita.

Chitenje chiyenera ndime yakeyake, ndipo ndikunena kwa abambo omwe. Palibe chinthu china chopepuka chotere chimene chimagwira ntchito zambiri chonchi: mumayala pamchenga, mumapukutira mukatuluka m'madzi, mumafunda usiku pamene bulangete silingafundike, mumapachika pa nthambi kuti mwana apeze mthunzi, mumatchinga nacho posintha zovala, ndipo mukachinyika m'madzi n'kudzifunditsa m'mapewa chimakuziziritsani kwa nthawi ndithu. Thawulo lalikulu la kubafa lisiyeni. Limadya theka la chikwama, limasunga mchenga, ndipo likalongedzedwa lonyowa limanunkhitsa zonse. Zitenje ziwiri kapena zitatu zimalowa pamalo pa thawulo limodzi.

Ntchito ina ya chitenje ndi ya ulemu. Anthu ambiri a m'boma la Mangochi ndi Ayao, ndipo ambiri mwa iwo ndi Asilamu. Gombe limene inu mukuliona ngati malo opumulirako, kwa eni ake ndi potunga madzi, pochapa, posamba, poyanika usipa ndi posoka makoka. Chovala chosambira chili bwino m'madzi ndi kutsogolo kwa loji, koma polowa m'mudzi kukagula tomato, mayi amange chitenje ndipo bambo avale malaya. Palibe amene adzakukalipireni, ndipo n'chifukwa chake alendo ambiri amabwerera osadziwa kuti anachititsa anthu manyazi. Midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja ili ndi doko losambira amayi ndi lina la abambo. Funsani musanalowere mbali imene simuidziwa, ndipo foni yojambulira ibwezeni m'thumba mukayandikira pamene anthu akusamba. Ngati mukukafikira pakhomo pa munthu, nyama ya nkhumba ndi mowa musazilongedze musanafunse, ndipo ulendo ukagwa m'mwezi wa Ramadan kumbukirani kuti okulandiraniwo samwa ngakhale madzi kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa.

Za kumapazi n'zachidule. Mchenga wa masana umatentha ngati chiwaya cha tchipisi, ndipo mwana wothamangira kumadzi wopanda nsapato amafika akulira. Patapata ndi zofunika kwa aliyense. Amene akufuna kukwera phiri atenge nsapato zotseka zogwira pansi, chifukwa kuli miyala, minga ndi zinkhanira. Nsapato zazitali za kuukwati zikhale ku Blantyre.

Pali chikhulupiriro chofala chakuti dzuwa limawotcha azungu okha. Khungu lakuda lili ndi chitetezo chochulukirapo, n'zoona, koma limapsa ndithu, makamaka mapewa, mphuno, milomo ndi dazi, ndipo pamadzi kuwala kumabwera kawiri, kochokera kumwamba ndi kobwerera kuchokera pamadzi ndi pamchenga. Amene amadzola mafuta oyeretsa khungu ali pangozi yaikulu, chifukwa mafutawo amachotsa chitetezo chomwecho. Kwa munthu wachialubino nkhaniyi ndi ya moyo: khansa ya pakhungu ndi imodzi mwa nthenda zimene zimapha anthu achialubino kwambiri mu Africa muno. Iye afunika mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 50, odzola mobwereza maola awiri aliwonse komanso akangotuluka m'madzi, chipewa chachikulu, magalasi ndi manja aatali. Ena tonse SPF 30 imatikwanira. Mafutawa ndi odula ndipo sapezeka m'magolosale a m'midzi, choncho agulidwe m'tauni. Koma chipewa musagule m'tauni. M'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay anthu amaluka zipewa, mikeka ndi madengu a mlaza, ndipo chipewa cha mlaza chili ndi mthunzi wofika m'khosi pamene kapu yampira imangotchinga chipumi. Ambulera nayo ndi ya dzuwa, amayi oyenda ndi makanda amadziwa.

Dzuwa likalowa, vuto limasintha. Madera a m'mbali mwa nyanja, otentha ndi achinyezi, ali ndi malungo chaka chonse, ndipo amachuluka nthawi ya mvula ndi miyezi yotsatira. Udzudzu wofalitsa malungo, wa mtundu wa Anopheles, umaluma makamaka usiku. Malo ambiri ogona alendo amati ali ndi maneti, koma neti yobooka kapena yosafika pansi pa matiresi ndi chokongoletsa chabe. Tengani yanu, yonyikidwa m'mankhwala, pamodzi ndi chingwe chomangira ndi misomali iwiri itatu, pakuti zipinda zina zilibe pokoleka. Neti ikapindidwa bwino siidya malo ambiri m'chikwama. Mafuta othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET amathandiza pa maola amene muli panja kucheza. Makoyilo ofukiza ndi abwino pakhonde, osati m'chipinda chotseka momwe mwagona khanda kapena munthu wa mphumu. Vuto lenileni ndi lakuti usiku wa chitungu munthu amafuna kutaya neti kuti apume. Apa ndi pamene chitenje chonyowa pang'ono kapena kafani kochajidwa kamapulumutsa.

Pali anthu amene ayenera kukaonana ndi achipatala asananyamuke: amayi oyembekezera, ana aang'ono, ndi amene akhala kunja kwa dziko zaka zambiri. Mangochi imatumiza anthu ambiri ku Joni, ndipo mu Disembala amabwera kudzaona abale ali ndi ana obadwira ku Johannesburg kapena ku Cape Town, kumene kulibe malungo. Anawo alibe chitetezo chilichonse m'thupi, ndipo makolo awo chimene anali nacho chinachepa. Kumbukiraninso kuti malungo saonekera tsiku lomwe walumidwa. Pamapita sabata imodzi kapena ziwiri, nthawi zina kuposerapo, ndiye kuti kutentha thupi kudzakupezani mutabwerera kale kwanu. Pitani mukayezetse magazi, ndipo muwauze kumene munali. LA, mankhwala amene dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, ndi omwa munthu akapezeka ndi malungo, osati ongomwera kuti mutu ukuwawa.

Nkhani ya likodzo ndi yovuta chifukwa palibe cholongedza chimene chingakutetezeni mukalowa m'madzi, kupatula kudziwa mmene limayendera. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira a tizilombo amaswa n'kulowa mu nkhono zazing'ono za m'madzi. M'nkhonomo tizilombo timaswana, kenaka timatuluka n'kumasambira, ndipo timaboola khungu la aliyense amene ali m'madzimo, wosambira, wochapa, ngakhale wongoviika mapazi. Nkhonozi zimakonda madzi odekha, osaya, a m'bango ndi m'zomera, pafupi ndi midzi. Kale anthu ankati magombe a mchenga oyera alibe likodzo, koma ofufuza amene anagwira ntchito ku Chembe, ku Cape Maclear, anapeza kuti mtundu wina wa nkhono wokhala pamchenga nawo ukufalitsa matendawa, ndipo anaona kuti nkhonozo zinachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha kusodza kopyola muyeso. Kuyambira mu 2017 m'magombe a Mangochi mwapezekanso nkhono zofalitsa likodzo la m'matumbo, lomwe silinkadziwika kuderali.

Ndiye musasambire? Sambirani, mwayendera chiyani nanga. Koma pewani m'bango ndi m'madzi oima, ndipo lembani penapake tsiku lomaliza limene munalowa m'nyanja. Mankhwala a likodzo, praziquantel, amapha nyongolotsi zikakula, osati zikangolowa kumene. Amene amagula mapiritsi n'kumwa tsiku lobwerera kunyumba amangotaya ndalama, n'kumadziona ngati wachira. Payenera kupita masabata 6 mpaka 8. Mlingo wake umatengera kulemera kwa munthu, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse, choncho ndi nkhani ya kuchipatala, ndipo amamwa munthu atadya. Musadikire kuona magazi mumkodzo, ambiri sawaona, pamene likodzo likuwononga chikhodzodzo, ndipo kwa amayi ngakhale njira ya chiberekero. Ngati kumene mwafikira madzi osamba amatunga m'nyanja, ofunditsa pamoto kapena amene akhala m'diramu masiku awiri alibe vuto.

Ng'ona ndi mvuu ziliko, makamaka kufupi ndi bango, pamathiriro a mitsinje ndi cha ku Shire. Asodzi amadziwa pamene zimakhala ndi nthawi imene zimayenda. Safunsa anadya phula. Koma chimene chimatenga miyoyo ya alendo pa masiku a tchuthi kawirikawiri si nyama, ndi mowa ndi kusadziwa kusambira. Pansi pa nyanja pamatha kutsika mwadzidzidzi, munthu amene madzi anali m'chiuno n'kupezeka alibe popondera. Chubu cha galimoto kapena kachidole kopopa sikateteza mwana, mphepo imakakankhira kutali. Pokwera boti funsani majaketi oyandamitsa musanalipire, ndipo ngati muli ndi ana ogula awoawo sanataye ndalama.

Madzi akumwa: munthu wamkulu pa kutentha kotere amafuna malita atatu kapena kuposa pa tsiku, ndipo mkodzo ukayamba kuda ndiye kuti mwatsalira kale. Aliyense akhale ndi botolo lake, ndipo gulu likhale ndi chigubu cha malita 20. Madzi a m'nyanja amaoneka oyera mpaka kuona mchenga pansi, koma si akumwa osaphitsa kapena osathira mankhwala. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 ku Machinga unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi inali m'gulu la maboma amene anavutika kwambiri. Kabotolo ka WaterGuard, sopo wosambira m'manja ndi timapaketi tingapo ta Thanzi ORS zimalowa m'thumba la malaya. Thanzi akasowa, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Munthu amene wayamba chizungulire, mutu, kusanza kapena kulankhula zosokonekera chifukwa cha dzuwa, mugonekeni pamthunzi, mumuthire madzi, mumukupize, ndipo ngati sakusintha thamangirani naye ku chipatala cha Monkey Bay kapena cha boma ku Mangochi.

Amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV, tengani okwanira ndi owonjezera a masiku angapo, pamodzi ndi buku la kuchipatala. Mankhwala ambiri amayenera kusungidwa pansi pa madigiri 30, pamene m'galimoto yotseka yoima padzuwa mumatha kupyola 50. Musawasiye m'galimoto. Insulin ndiye safuna kutentha n'komwe, ikhale m'kulabokosi koma isagunde aisi.

Ndalama tengani zam'manja, ndipo zikhale zosinthasintha. Makina a ATM odalirika ali ku boma. Airtel Money ndi Mpamba zimagwira ntchito, koma ma ejenti a m'midzi nthawi zina amakhala alibe ndalama yokwanira kukupatsani, ndipo wa kabaza kapena mayi wogulitsa mango sangakusinthireni K5,000 mmawa. Chiphaso cha unzika chikhale nanu, pakuti polowa m'paki nzika za Malawi zimalipira mtengo wotsika kusiyana ndi alendo akunja. Tochi ndi pawabanki n'zofunika. Magetsi a dziko lino ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, madzi ake ochokera m'nyanja yomweyi, koma zimenezo sizipatsa anthu a kunyanja mwayi wina uliwonse magetsi akazima. Foni iikeni m'kathumba kotseka kosalowa madzi ndi mchenga. Mapepala apulasitiki opyapyala, majumbo aja, boma linawaletsa mu 2015, ndipo pagombe ndi pamene kuipa kwake kumaonekera bwino. Tengani thumba limodzi lolimba la zinyalala zanu, mudzabwerere nazo. Chakudya chikhale m'chotengera chotseka, anyani ndi apusi a m'phirimo saopa munthu.

Zonsezi zanenedwa poganizira nyengo yotentha. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene imadzutsa mafunde aakulu n'kuletsa asodzi kulowa m'nyanja masiku angapo. Masana kumakhala kofunda bwino, koma usiku wa mu Juni ndi Julayi kumatsika mpaka madigiri 15 kapena kucheperapo, ndipo pamphepo pamadzi juzi imodzi imafunika. Nthawi ya dzinja, Disembala mpaka Malichi, onjezani chovala cha mvula, ndipo imbani foni kufunsa za msewu ndi za gombe lenilenilo. Mu 2024 madzi a m'nyanja anakwera kwambiri moti magombe ndi nyumba zina za alendo ku Mangochi zinamira, anthu n'kufika ndi mikeka yawo pamalo pamene mchenga kunalibenso.

Malo amene atsala m'chikwama ndi m'galimoto ali ndi ntchito pobwerera, chifukwa palibe amene amachoka ku Mangochi chimanjamanja, abale kunyumba n'kumumvetsa. Usipa ndi utaka wouma sizivuta, zimangofuna dengu kapena thumba lolowa mphepo, kutali ndi zovala. Nsomba zaziwisi ndizo zimafuna kukonzekera. Chizolowezi chomangirira chambo pagalasi kapena kutsogolo kwa galimoto chimadalira mphepo, koma ulendo wa ku Blantyre ndi wa makilomita oposa 200 kuchokera ku Nkhudzi, padzuwa, pafumbi ndi pautsi. Kulabokosi ndi aisi wogula pa boma zimafikitsa nsomba ili bwino, makamaka ngati yatumbulidwa ndi kutsukidwa isanaikidwemo. Pogula, tsegulani makha: akhale ofiira, maso akhale owala osalowa m'kati, ndipo mnofu ubwerere mukaudina ndi chala. M'miyezi ya Novembala ndi Disembala chambo chimakhala chikuswana, ndipo boma limatseka usodzi wa makoka m'madera a kum'mwera kwa nyanja kuti chichulukane. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, choncho chimodzi chogwidwa nthawi imeneyi chimapita ndi ana ake onse. Wogulitsa akakuitanirani kuseri kwa nyumba m'miyezi imeneyi, kaya akakuonetsani kasawala, tiana ta chambo tosakwana chikhatho, kulabokosi ibwerere ndi kampango kapena usipa.